Mkazi wanga atamwalira: zimene ndidauzidwa ndi zimene ndidachedwa kunena

Mkazi wanga adamwalira mu February 2024, m'kati mwa dzinja, atadwala kwa nthawi yochepa kwambiri. Adali mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Lilongwe, kwawo kudali ku Dedza, ndipo adandisiyira mwana mmodzi wamkazi amene panthawiyo adali mu Sitandade 2. Ndikulemba izi poganizira abambo ndi amayi amene tsiku lina adzatsale okha ndi ana aang'ono, chifukwa zambiri zimene zidativuta ine ndi mwanayu m'miyezi yotsatira zidachokera ku mawu amene tidauzidwa pamaliro, ndiponso ku mawu amodzi amene ineyo ndinkaopa kuwatchula.

Matenda a kuthamanga kwa magazi adamuyamba ali woyembekezera, ndipo mankhwala ankamwa modukizadukiza chifukwa masiku ambiri ankadzimva kuti ali bwino. M'mawa wina adadandaula mutu, kenaka adagwa akukonzekera kupita kuntchito, ndipo kuchipatala adatiuza kuti mtsempha wa magazi waphulika mu ubongo. Usiku wotsatira namwino wachitsikana adandiitanira pakhonde nati, "Bambo, pepani, tayesetsa koma zakanika." Ine ndidamufunsa ngati akumusamutsira ku wodi ina. Mtsikanayo adangowerama, mpaka namwino wina wachikulire adabwera, nandigwira paphewa, nanena momveka bwino kuti, "Bambo, akazi anu amwalira." Mawuwo adandilasa, koma mpaka lero ndimawathokoza mayi amenewo, pakuti akadapanda kutero ndikadaima pakhondepo ndikuyembekezera munthu amene kulibe.

Sindikunyoza mawu ofewa amene timagwiritsa ntchito pa imfa, chifukwa ali ndi malo ake. Usiku womwewo sindidaimbire apongozi anga, amene ndi okalamba ndipo nawonso amadwala mtima. Ndidaimbira amalume a mkazi wanga, omwe ndiwo eni mbumba, ndipo ndidati, "Amalume, kuno zinthu zavuta, mwana wanu watisiya." Iwo adamva nthawi yomweyo. Kutacha adapita kukadziwitsa amfumu, monga mwa mwambo kuti maliro salirika mfumu isanauzidwe, ndipo adatenga amayi awiri achikulire kukakhala pansi ndi apongozi n'kuwauza pang'onopang'ono. Pakati pa akuluakulu amene amadziwa tanthauzo la kutisiya, kutsogola kapena kutsikira kuli chete, mawu amenewa ndi ulemu, ndipo amapatsa munthu mpata wopuma asanalandire nkhani yonse.

Tsiku lotsatira lidali la ndalama. Maliro adatipeza patangopita miyezi yochepa kuchokera pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye chilichonse chidali chitakwera. Kukonza thupi ku mochale, bokosi, galimoto yonyamula thupi, lole ya anthu operekeza, matumba a chimanga, nkhuni, ndiwo, shuga, zonse zinkafuna ndalama ya pompopompo. Ndidapita ndekha kosankha bokosi pamodzi ndi abale awiri amene ankangobwereza kuti malemu adali munthu wa pantchito, asapite ngati mmphawi. Munthu wofedwa sangathe kutsutsa mawu otere, chifukwa amamveka ngati akuyesa chikondi chake. Ndidagula bokosi la K550,000 pamene la theka la mtengowo lidalipo, ndipo kuti zonse zikwane ndidatenga K400,000 ya katapila, imene ndidaibweza ndi chiwongoladzanja chowawa m'miyezi imene ndinkafunikanso kulipira lendi ndi kugula chakudya ndi malipiro a munthu mmodzi. Thandizo la kuntchito kwake lidabwera ndithu, koma lidapeza titagula kale zinthu. Amene mwafedwa, tumani munthu wodekha amene angathe kunena kuti "ayi, izi sitikwanitsa", ndipo sankhani munthu mmodzi wokhulupirika kuti asunge kope ndi ndalama za chipepeso, kuphatikizapo zobwera pa Airtel Money ndi Mpamba. Zanga zinkalowa m'mafoni a anthu osiyanasiyana, ndipo kuwerengera kwake sikudatheke.

Chinthu chimodzi chimene ndidachita bwino, chifukwa chouzidwa ndi mnzanga wa kuntchito, ndicho kupempha dokotala kuti andifotokozere chimene chidapha mkazi wanga, ndi kuonetsetsa kuti ndatenga pepala la kuchipatala tisananyamuke. Pepalalo lidandithandiza kumudzi komanso m'maofesi.

Tidagona usiku umodzi pasiwa kunyumba kwathu, amayi a Chigwirizano akuimba mpaka m'bandakucha, kenaka tidanyamuka pa msewu wa M1 kupita ku Dedza. Titapatuka pa tala, lole idatitimira m'matope, anyamata a m'mudzi wapafupi n'kutikankha, ndipo tidafika adzukulu atatsala pang'ono kumaliza kukumba. Kumudzi adandikhazika panja pamodzi ndi abambo, amayi ali m'nyumba momwe mudali bokosi. Anthu ankabwera mmodzimmodzi, kugwada, kundigwira dzanja. Mawu amene ndidawamva koposa onse ndi akuti, "Limbani mtima, ndinu mwamuna." Ena ankawonjezera kuti, "Mukalira inu, mwana ayang'ana kwa yani?" Ndidawamvera. Ndidaona nkhope osagwetsa msozi, ndidaika nkhata pamanda osagwetsa msozi, ndipo woyankhula m'malo mwa banja adandiyamikira pagulu kuti mkamwini wawo ndi munthu wolimba.

Padali mawu enanso ambiri. Ena ankati zimachitika, ena ankati tonse njira ndi yomweyo, ena ankati chidali chifuniro cha Mulungu, ndipo mlaliki adati Mulungu wathyola duwa limene adalikonda m'munda mwake. Bambo wina wa msinkhu wa atate anga adandinong'oneza, dothi la pamanda lisanaume, kuti ndikadali mnyamata ndipo ndidzapeza wina. Ndikudziwa kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene ankafuna kundipweteka, ndipo munthu amene wasiya kumunda m'nyengo yopalira n'kudzakhala padzuwa tsiku lonse chifukwa cha maliro ako wasonyeza kale chikondi asanatsekule pakamwa. Komabe mawu onsewa adali ndi uthenga umodzi, wakuti chisoni changa chifupike. Amene adandifika pamtima adali gogo wina amene sindinkamudziwa, yemwe adangoti, "Pepani mwana wanga, zatipweteka tonse," n'kukhala pambali panga kwa kanthawi osanenanso kanthu, ndiponso mphunzitsi mnzake wa mkazi wanga amene adamutchula dzina lake lenileni n'kundiuza mmene ankagulira makope ana osowa a m'kalasi mwake. Kuyambira ku mochale aliyense ankangoti malemu, kapena thupi, ndipo kumva dzina lake kudandikumbutsa kuti tikuika m'manda munthu amene ndidakhala naye m'nyumba.

Usiku wa tsiku loika maliro kudayamba manong'onong'o akuti imfa yadzidzidzi chotere si yabwino, kuti pali dzanja la munthu, ndipo maso adayamba kuloza mayi wina wokalamba wa pabanja pomwepo amene adakanganapo ndi apongozi za malire a munda. Ndidapereka pepala la kuchipatala kwa amalume ndi kuwafotokozera zimene dokotala adanena, kuti magazi akamathamanga kwa zaka popanda mankhwala okwanira, mtsempha umatha kuphulika munthu akuoneka wathanzi. M'mawa mwake, pa mwambo wa kumeta, amalume adazinena pamaso pa amfumu ndi abale onse, ndipo amfumu adakumbutsa anthu kuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu m'dziko muno, malinga ndi lamulo limene lakhalapo kuyambira 1911. Manong'onong'owo sadathe m'mitima ya onse, koma palibe amene adapita kukagogoda pakhomo pa mayi uja.

Pa kumeta pomwepo padabuka nkhani ya mwana. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo alamu anga adanena mosabisa kuti mwamuna sangalere yekha mwana wamkazi m'tauni, choncho atsale ndi agogo ake. Mutu wanga udali wozungulira, ndipo ndidatsala pang'ono kuvomera kuti nkhani ithe. Adandipulumutsa ndi achimwene anga, amene adali nkhoswe ya ukwati wathu. Adawomba m'manja mwaulemu napempha kuti mwana amalize kaye chaka cha sukulu kumene adayambira, nkhaniyo idzakambidwe mitima itakhala pansi. Musalole kugamula za ana, za nyumba kapena za katundu tsiku la kumeta, ndipo musakhale pabwalo limenelo popanda munthu wa kwanu wokuyankhulirani. Patapita miyezi tidagwirizana mosavuta kuti mwana aziphunzira kwa ine ndipo tchuthi chilichonse azikhala ku Dedza.

Pa zonsezi palibe amene adakhala pansi ndi mwanayo. Masiku a maliro adamusungira kunyumba ya achibale ena kuti asaone bokosi, ndipo kumanda sadapite. Agogo ake adamuuza kuti amayi apita kwa Yesu, azakhali ake adati amayi agona, ndipo ine atandifunsa m'galimoto pobwerera ndidati amayi apita kutali. Aliyense wa ife ankayesa kuti akumuteteza.

Titabwerera ku Lilongwe nyumba idakhala zii. Anthu amene ankati "tili nanu limodzi" ndi "mukasowa kanthu muziimba" adabwerera ku mavuto awo, ndipo sindiwaimba mlandu, koma wofedwa saimba foni kupempha kanthu, chifukwa sadziwa chimene akusowa ndipo amaopa kutopetsa anthu. Mayi wina woyandikana nafe sadafunse chimene ndikufuna. Adangogogoda Loweruka m'mawa nati, "Bambo a mwana, ndabwera kudzatenga yunifolomu ndikachape, ndipo mwanayu abwere masana ndidzamuluke tsitsi." Adachita zimenezi Loweruka lililonse kwa teremu yonse. Ngati mukufuna kuthandiza mnzanu wofedwa, tchulani ntchito imene muchite ndi tsiku lake, ndipo pitani mahema atachotsedwa, pamene anthu ena onse abalalika.

Mwana adayamba kusintha. Ankakana kugona, ndipo ine ndikagona pampando ankandigwedeza mwamantha mpaka nditsekule maso. Adayambanso kukodza pogona, chinthu chimene adasiya kalekale. Madzulo ankakhala pageti mpaka mdima, ndipo nsapato za mayi ake ankazipukuta n'kuziika pakhomo. Ine ndinkaona zonsezi koma ndinkadziuza kuti ana amaiwala msanga, monga mmene anthu ankanenera. Tsiku lina aphunzitsi ake adandiitanitsa. Adandiuza kuti mwanayo wamenya mnzake amene adamuuza kuti mayi ake adafa, ndipo kuti atamufunsa adayankha kuti mayi ake ali pa ulendo, akangodzuka abwera. Kenaka aphunzitsiwo adandifunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi mwanayu mudamuuza?"

Madzulo a tsikulo ndidakhala naye pamkeka, ndidazimitsa wailesi, ndipo ndidanena mawu amene ndidakhala ndikuwazemba. Ndidati, "Mwana wanga, amayi ako adamwalira. Adadwala kwambiri m'mutu, thupi lawo lidasiya kugwira ntchito, sapuma, samva kuwawa, ndipo sadzabweranso kunyumba kuno. Thupi lawo tidaliika m'manda kwa agogo." Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adafunsa ngati adamwalira chifukwa choti iye adakana kutsuka mbale tsiku lija. Adafunsanso ngati ine ndikagona ndidzadzuka, ndiponso chifukwa chimene Mulungu adathyolera mayi ake pamene ana ena onse ali nawo awo, pakuti mawu a mlaliki aja adamufika kudzera kwa ana anzake. Ndidamuyankha kuti palibe chimene iye adachita, kuti tulo ndi imfa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kuti adapha mayi ake ndi matenda. Za chiyembekezo chathu cha Chikhristu ndidamuuza pambuyo pake, atamvetsa kaye kuti imfa n'chiyani. Adalira usiku wonse, ndipo m'masabata otsatira ankabwereza mafunso omwewo, ine n'kumayankha chimodzimodzi. Pang'onopang'ono adasiya kudikira pageti. Pa tchuthi ndidapempha chilolezo kwa amfumu, kudzera mwa amalume, kuti ndikamuonetse manda, popeza kumanda sapitako mwachisawawa, ndipo adatilola titaperekezedwa.

Mwana wa msinkhu umenewu amamva mawu monga mmene anenedwera. Wogona amadzuka, wopita amabwerera, ndipo wotisiya ndiye kuti watikwiyira kapena watitopa. Akadauzidwa zoona sabata yoyamba, ndi munthu amene amamukhulupirira, akadalira pamodzi ndi abale ake onse pamene nyumba idali yodzaza, m'malo molira ndi ine ndekha patapita miyezi.

Nthawi yomweyo ndinkayenda m'maofesi, kumene munthu amayenera kunena kuti "mkazi wanga adamwalira" pa tebulo lililonse, anthu ena ali pamzere kumbuyo kwake. Chikalata cha imfa chimaperekedwa ndi National Registration Bureau, ofesi ya boma yopereka ziphaso za unzika, ndipo ndondomeko yake imayambira pa lipoti la kuchipatala, kapena pa umboni wa amfumu ngati munthu wamwalirira kumudzi. Popanda chikalatachi ku banki, kuntchito ndi kwa osunga penshoni sakuthandizani. Ife tidachedwa chifukwa dzina la mkazi wanga lidalembedwa mosiyana pa chiphaso cha unzika, pa mtchatho wa ukwati ndi pa mapepala a kuntchito, kwina dzina la atate ake, kwina langa, ndipo padafunika kulumbira kuti onsewa ndi munthu mmodzi. Mkazi wanga sadasiye wilo, ndipo fomu yosonyeza odzalandira ndalama zake adailemba asanakwatiwe osaisinthanso, choncho ine ndi mwana sitidalipo. Ndalama zake za ku banki sindikadatha kuzikhudza popanda chilolezo cha khoti choyendetsera chuma cha masiye. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, limaganiziranso ena amene ankadalira womwalirayo, monga makolo okalamba, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Kudziwa zimenezi kudatithandiza kugawana popanda mkangano, apongozi n'kulandira gawo lawo. Koma ndalama za kuntchito zidatuluka patadutsa chaka, nditawononga zambiri pa maulendo ndi kujambulitsa mapepala. Onani lero ngati mayina anu akufanana pa zikalata zonse, ndipo sinthani fomu ya odzalandira mukakwatira kapena mukabereka.

Ineyo ndidapitiriza kulimba mtima monga ndidauzidwira, ndipo anthu ankandiyamikira kuti ndavomereza msanga. Zoona zake n'zakuti tulo sindinkatipeza, ndinkapsa mtima ndi zinthu zazing'ono kuntchito, ndipo ndidayamba kudutsira kumowa poweruka kuti ndifike kunyumba mwana atagona kwa anansi aja. Chakumapeto kwa nyengo yozizira mkulu wina wa mpingo, amene nayenso adaika mkazi wake zaka zapitazo, adabwera kudzandiona. Sadatsekule Baibulo msanga. Adandifunsa mmene tidakumanirana ndi mkazi wanga, chakudya chimene ankakonda, zimene tinkakangana, ndipo ankamutchula dzina. Kenaka adati, "Achimwene, pamaliro paja ndidakuonani. Kodi mudalira liti?" Ndidalephera kuyankha, ndipo ndidalira pamaso pa mwamuna mnzanga mofuula ngati mwana, iye atangokhala chete. Mwana wanga adatulukira kuchipinda n'kundiona. Ndinkaopa kuti achita mantha, koma adabwera kudzakhala pamiyendo panga, ndipo pambuyo pake adandiuza kuti ankaganiza kuti ine sindikuwasowa amayi ake.

Mkuluyo ndiye adandilimbikitsa kukaonana ndi mlangizi wa za maganizo. Ndinkayesa kuti kumeneko kumapita odwala misala okha, koma thandizo la uphungu lilipo kwa aliyense amene chisoni chamulepheretsa kugona, kudya kapena kugwira ntchito, ndipo malo monga St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amagwira ntchito imeneyi. Mlangizi sadandiuze kuti ndiiwale. Adandithandiza kunena zimene zinkandidya, makamaka funso lakuti bwanji sindidamukakamize kumwa mankhwala tsiku lililonse, limene ndinkalibisa pansi pa mawu akuti chidali chifuniro cha Mulungu. Ngati mwayamba kumwa kwambiri, kapena maganizo ofuna kudzipha akubwera, musadikire kuti wina adzakuoneni. Uzani munthu tsiku lomwelo ndipo pitani kuchipatala. Ine ndidapimitsanso magazi anga, ndipo adapezeka kuti nawonso ayamba kuthamanga, moti tsopano ndimamwa mankhwala m'mawa uliwonse.

Chaka chitatha abale a mkazi wanga adandiitana ku Dedza ku mwambo wa kusudzula. Pamaso pa ankhoswe a mbali zonse amalume adati, "Mkamwini, mudatisungira mwana wathu bwino, ndipo mudamuika mwaulemu. Lero takumasulani." Ndinkawaopa mawu amenewa, poganiza kuti akundichotsa pabanjapo, ndiye ndidapempha achimwene kuti afunse momveka chimene akutanthauza pa za mwana ndi za ine. Amalume adayankha kuti ndamasulidwa ku ukwati wokha, kuti ndikadzafuna kukwatira pasadzakhale wondiletsa, koma pakhomopo ndidzalandiridwa nthawi zonse monga bambo wa mdzukulu wawo. Apongozi adawonjezera kuti ndisasiye kuwaimbira Lamulungu, ndipo sindidasiye. Ngongole za maliro nditamaliza kubweza, ndidalemba wilo yanga n'kuuza achimwene ndi amalume kumene ili. Chiliza tidagwirizana kuti tidzamange chapafupi, cha mtengo umene tingakwanitse, ndipo mwana wapempha kuti pa mwala padzalembedwe dzina lonse la mayi ake ndi mawu akuti adali mphunzitsi.